Maluwa a m'mbali mwa msewu akakana pakhomo: chalakwika n'chiyani?

Amene munakwerapo basi ya ku Joni chakumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo munawaona maluwa oyera ndi apinki atadzaza m'mbali mwa msewu mukamayandikira Gauteng, opanda wowathirira, opanda wowapalira. Amenewo ndi cosmos. Kwawo kwenikweni ndi ku Mexico, komwenso kumachokera zinnia ndi marigold, ndipo amati anafika ku South Africa mbewu yake itasakanikirana ndi udzu wa akavalo pa nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi ya 1899 mpaka 1902.

Dandaulo limene ndimamva dzinja lililonse ndi limodzi: duwa lomera lokha m'ngalande likanirenji pabedi lomwe ndalima bwino, ndathira manyowa, ndikuthirira m'mawa ndi madzulo? Yankho nthawi zambiri lili m'funso momwemo. Awa ndi maluwa a chaka chimodzi. Amamera, amachita maluwa, amabereka mbewu, n'kufa, ndipo anazolowera dothi losauka, dzuwa la tsiku lonse ndi kusiyidwa okha. Ife timawalera ngati tomato. Pansipa pezani chizindikiro chomwe mukuona, muyambire pa chifukwa choyamba, poti ndicho chimachitika kawirikawiri.

Mwafesa koma palibe chamera

Musafulumire kudandaula. Zinnia ndi marigold zimatuluka pasanathe sabata, cosmos ndi mpendadzuwa pakati pa masiku 7 ndi 10 dothi likakhala lofunda ndi lonyowa. Pakadutsa masabata atatu pali zii, ndiye fufuzani.

1. Mwakwirira kwambiri. Dzanja lozolowera kubzala chimanga limaponya mbewu m'phando lakuya, koma kambewu kakang'ono kalibe mphamvu yoboola dothi lochuluka chotero. Fukulani ndi chala pomwe munafesa. Mukapeza timphukira toyera topindika tomwe sitinafike pamwamba, vuto ndi lomweli. Pofesanso, kwirirani theka la sentimita basi. Mbewu zonga fumbi, monga za poppy, sizikwiriridwa n'komwe chifukwa zimafuna kuwala: zisakanizeni ndi mchenga wouma, muwaze pamwamba, mutsendere ndi thabwa kapena chikhatho.

2. Mwathamangira chizimalupsa. Mvula ya mu Okutobala imanyowetsa pamwamba, mbewu n'kuyamba kutupa, kenako dzuwa la masabata awiri n'kuziwotcha. Mbewu yomwe yayamba kumera ikauma siidzukanso. Dikirani mvula ikhazikike, dothi linyowe mpaka kuya kwa khasu, kapena vomerani kuti muzithirira tsiku ndi tsiku mpaka mbande zitachita masamba anayi.

3. Madzi akokolola. Yang'anani kumunsi kwa bedi ndi m'ngalande. Mukapeza mbande zitamera mothithikana pamalo amodzi pomwe simunafesepo, mbewu yanu inasamukira kumeneko. Izi zimachitika kwambiri pansi pa malata opanda chotchinga madzi, komanso pothirira ndi ndowa mokhuthula. Salazani bedi, phimbani ndi udzu wouma wopyapyala woti dothi lizioneka, ndipo muuchotse mbande zikangotuluka.

4. Pamwamba pauma gwa. Dothi la katondo ndi la makande likamenyedwa ndi mvula yamphamvu kenako dzuwa, limapanga chikhungwa ngati mbale yadothi. Lithirireni pang'onopang'ono madzulo kuti lifewe, ndipo ulendo wina sakanizani mchenga wa kumtsinje m'dothi la pamwamba.

5. Mbewu inafa kale. Paketi yokhalitsa pawindo la sitolo padzuwa, kapena mbewu yosungidwa mu jumbo momwe inachita chinyezi, imatha mphamvu. Yesani musanawononge bedi lonse: tengani mbewu 10, zikulungeni m'kansalu konyowa, muike pamthunzi, musalole kansaluko kuuma. Pakatha masiku 10 werengani. Zikamera zosakwana 5, pezani mbewu ina.

6. Nyengo si yake. Mapaketi a maluwa osakaniza ochokera ku Ulaya amakhala ndi poppy ndi cornflower, maluwa okonda kuzizira. Mukawafesa mu Novembala ku Chikwawa kapena ku Salima mwangodyetsa nyerere. Kwathu kuno amayenera nyengo yozizira, kufesa mu Epulo kapena Meyi n'kumathirira, ndipo amachita bwino kumalo okwera ngati Dedza ndi Mzuzu. Namaqualand daisy, duwa la ku South Africa, nayonso kwawo imamera ndi mvula ya m'nyengo yozizira, choncho ifeseni nthawi yomweyo. Abale amene muli ku Britain, kumeneko kalendala ndi yotembenuka: fesani mu Malichi ndi Epulo, kapena mu Seputembala.

Zinamera, koma zikusowa

Apa m'pofunika kudzuka m'mamawa n'kugwada pansi, chifukwa wakuba aliyense amasiya phazi lake.

1. Nkhuku. Dothi limakhala lopalasidwa, pali timaenje tosambiramo fumbi, mbande zili mbali. Nkhuku imodzi ya anapiye imamaliza bedi nthawi imene inu mukuphika phala. Yalani nthambi zaminga pamwamba, kapena zingani bedi ndi neti yakale kapena mpanda wa bango mpaka mbande zifike m'bondo. Mbuzi ndiye zimameta nsonga zonse msinkhu umodzi, ndipo mankhwala ake ndi mpanda basi.

2. Tsache ndi khasu la pakhomo pomwepo. Izi zinandichitikira ine. Ndinafesa cosmos m'mbali mwa khonde, ndinachoka masiku anayi, pobwera ndinapeza pabwalo pali mbee, posesedwa bwino, mizere ya tsache ikuoneka. Mnyamata wondithandiza pakhomo anandilandira monyadira kuti, "Bambo, chisoso chija ndathana nacho chonse." Sindikanamukalipira. Cosmos ndi chisoso ndi pachibale, ndipo timasamba tiwiri toyamba, tatitali tosongoka, timafanana kwambiri. Kusiyana kumadza pa masamba otsatira: a cosmos wapinki uja amakhala opyapyala ngati ulusi, a chisoso ndi otambalala a mano m'mbali. Kuyambira pamenepo ndimafesa m'mizere yowongoka, ndimazika timitengo ndi chingwe, ndipo ndimaonetsa aliyense wogwira tsache pakhomo. Chomera kunja kwa mzere ndi udzu, cha mumzere musakhudze.

3. Zodula usiku. Mbande yadulidwa pa tsinde ngati ndi lumo. Ikakhala ili pomwepo chigonere, fukulani mozungulira masentimita awiri kapena atatu: mupeza mbozi yotuwa yonenepa itadzipinda ngati mphete. Itoleni, mupatse nkhuku zija. Mbande ikakhala yasowa ndipo pafupi pali una wokhala ndi kamulu ka dothi latsopano, ameneyo ndi nkhululu, imakokera chakudya kuuna. Ana amadziwa kuikumba kuposa ife.

4. Nkhono. Masamba adyedwa m'mbali ndipo pali mzere wonyezimira ngati mamina ouma. Tulukani ndi tochi usiku muzitole, kapena ikani thabwa lonyowa pafupi ndi bedi, m'mawa muzipeza zitabisala pansi pake. Chotsani milu ya zinyalala ndi njerwa pafupi.

5. Kuwola pa tsinde. Palibe chadula, koma tsinde laonda ndi kuda pomwe lakhudza dothi, mbande n'kugwa, ndipo zikugwa m'magulumagulu. Ndi matenda a m'dothi omwe amakonda chinyezi chosatha, mthunzi ndi kuthithikana. Zomwe zagwa sizichira. Zulani ndi dothi lake, lekani kuthirira madzulo, chotsani udzu wophimbira, patulirani zotsalazo mphepo izidutsa.

6. Chiswe. Chimabwera chifukwa cha mapesi ndi udzu wouma womwe mwaunjika pabedi, kenako n'kuyamba tsinde la duwa lomwe lafooka ndi ludzu. Sendezani zophimbira zisakhudze tsinde.

Udzu wapambana maluwa

Dothi lililonse la pakhomo lili ndi nkhokwe ya mbewu za udzu. Mukatembenuza ndi khasu mozama mumazikweza pamwamba, ndipo bonongwe, chisoso ndi luni zimathamanga kuposa maluwa anu.

- Choyamba n'chakuti munafesa tsiku lomwe munalima. Njira yabwino ndi kulima, kusalaza, kuthirira, n'kudikira masabata awiri. Udzu ukamera, upaleni pamwamba pokha osatembenuzanso dothi, ndiye mufese. Mukabwereza kawiri, bedi limakhala loyera ndithu.
- Chachiwiri ndi manyowa a m'khola osawola bwino, omwe amadza ndi mbewu zonse zimene ng'ombe kapena mbuzi inadya.
- Chachitatu ndi kapinga, dawe ndi khovani. Awa kupalira sikuwapha, chifukwa kachidutswa kalikonse ka muzu kapena tsinde kamaphukanso. Akumbeni dothi likadali louma, musefe ndi manja, muwatayire kutali. Kufesa maluwa pamwamba pa kapinga wosachotsa ndi kutaya mbewu.

Bonongwe ndi luni muzule zikadali zanthete, ndiwo za tsikulo mwapeza.

Masamba okhaokha, maluwa ayi

Ili ndilo vuto la anthu akhama. Mbewu zakula mpaka m'chifuwa, zobiriwira bii, tsinde ngati chala chachikulu, koma duwa ngakhale limodzi.

1. Chakudya chachuluka. Kafeteleza kotsala kumunda, ka urea kaja, kali ndi nayitirojeni 46 pa 100 alionse, ndipo nayitirojeni amakankha masamba. Zitosi za nkhuku zimachitanso chimodzimodzi. Onaninso malo: bedi lomwe lili pomwe panali khola, pafupi ndi dzala, kapena pomwe pamathera madzi a kubafa limakhala lonona mopitirira. Feteleza wothira kale simungamuchotse. Lekani kuthira, chepetsani madzi, tsinani nsonga kuti zichite nthambi, mudikire. Chaka chamawa bzalani masamba a ndiwo pamenepo, maluwa muwapatse kumalo kouma kwa miyala komwe mumakuona ngati kopanda ntchito. Zinnia ndi mpendadzuwa zimalola kompositi wowola bwino pang'ono, koma cosmos sasowa kanthu.

2. Mthunzi. Maluwa awa amafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposa. Imani pabedi nthawi ya 9 m'mawa, 12 masana ndi 3 madzulo muone pomwe pali mthunzi wa mango ndi wa mpanda wa njerwa. Mbande za pamthunzi zimakhala zazitali, zoonda, zotuwa, zoweramira mbali imodzi. Kumbukirani kuti mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho bedi la kumwera kwa nyumba lomwe linali padzuwa mu Disembala limakhala mumthunzi nyengo yozizira.

3. Nthawi sinakwane. Zinnia ndi marigold zimayamba maluwa patatha pafupifupi miyezi iwiri. Cosmos wa m'misewu uja amadikira kuti usiku uyambe kutalika, n'chifukwa chake amadzaza mu Malichi ndi Epulo. Mukamufesa mu Novembala amangokula msinkhu miyezi yonseyo. Kumufesa mu Januwale kumapereka mbewu zazifupi zochita maluwa msanga.

4. Getsi la pakhoma. Duwa lowerengera kutalika kwa usiku limasokonezeka ndi babu loyaka usiku wonse pamwamba pake. Mukaona kuti mbewu za pansi pa getsi ndizo zachedwa pomwe za kumdima zachita maluwa, sunthani bedi chaka chamawa.

5. Maluwa anayamba kenako analeka. Mbewu ya chaka chimodzi ikangobereka imaona kuti ntchito yatha. Muzidula maluwa ofota kawiri pa sabata, kapena kuthyola atsopano kukaika m'botolo m'nyumba. Mukatero imapitiriza kwa masabata ambiri.

Zatalika n'kugwa

Kawirikawiri n'chifukwa chosapatulira. Zimapweteka mtima kuzula mbande zabwinobwino, koma cosmos amafuna masentimita 30 kuchoka pa mnzake, zinnia 20 mpaka 30, marigold wamfupi 20. Patulirani zikafika kutalika kwa chala, dothi lili lonyowa. Zikafika masentimita 20 mpaka 30 tsinani nsonga. Zifukwa zina ndi zomwe tatchula kale, feteleza ndi mthunzi, kuwonjezapo mphepo ya mvula ya mu Febuluwale. Zomwe zagwa kale ziimikeni tsiku lomwelo, muunjikire dothi pa tsinde, muzike nsungwi m'makona a bedi n'kuzunguliza chingwe. Mukachedwa masiku awiri nsonga zimapindikira kumwamba ndipo siziwongokanso.

Masamba asintha maonekedwe

- Oyera ngati mwawaza ufa: matenda okonda zinnia, makamaka kumapeto kwa dzinja ndi nthawi ya chiperoni ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre. Thothani masamba a m'munsi omwe agwidwa, patulirani, thirirani pansi m'mawa. Ngati maluwa atsala pang'ono kutha, musavutike nazo.
- Madontho ofiirira obooka pakati: matenda obwera mvula ikamamwazira dothi pamasamba. Chotsani ogwidwawo, musawaike pa kompositi.
- Nsonga zopiringizika, zomata, nyerere zikukwera ndi kutsika: nsabwe za m'masamba. Zifikiseni ndi zala kapena zitsukeni ndi madzi osungunuliramo sopo wochapira wamtanda pang'ono. Yesani kaye pa nthambi imodzi, ndipo chitani madzulo dzuwa litapepa.
- Masamba ndi maluwa odyedwa masana: anunkhadala ndi ziwala. Atoleni m'mamawa akadali ozizidwa.
- Achikasu kuyambira m'munsi dothi lili chinyowere: madzi achuluka. Lowetsani chala m'dothi, mukamva chinyezi musathirire.

Za mankhwala opopera, ine pabedi la maluwa sindipopera. Mankhwala ngati cypermethrin amapha njuchi ndi agulugufe omwe maluwawo aitana, ndipo njuchi zomwezo ndizo zimathandiza maungu ndi nkhaka zanu kubereka.

Chaka chachiwiri sizinabwerere

Ambiri amauzidwa kuti mukafesa kamodzi basi, azimera okha. Zimatheka, koma pabwalo la Chimalawi pali adani atatu.

1. Munadula msanga. Maluwa akafota bedi limaoneka ngati tchire, ndipo chikwakwa chimabwera mbewu isanakhwime. Dikirani mitu iume. Mbewu ya cosmos yokhwima ndi yakuda, yayitali, yotambasuka ngati nyenyezi, ndipo imathothoka mukangoikhudza. Ya marigold ndi timitengo takuda ta nsonga yoyera m'kachikho kouma. Ya zinnia ili ngati mutu wa muvi, pansi pa timasamba touma ta duwalo.

2. Kusesa ndi kutentha. Mbewu yomwe yagwa imakhala pamwamba pa dothi chilimwe chonse. Tsache la m'mawa uliwonse limaitengera kudzala, moto wa zinyalala n'kumaliza. Mukapita kudzala mu Disembala mukapeza maluwa anu akusangalala kumeneko.

3. Dothi silinasokonezedwe, kapena lasokonezedwa mopitirira. Maluwa awa amamera pa dothi lowonekera. Pakamera kapinga sapeza polowera, ndipo mukatembenuza ndi khasu mozama mumawakwirira. Palani pamwamba pokha mvula isanayambe.

Njira yodalirika ndi kukolola nokha. Dulani mitu youma masana kopanda mame, iyanikeni pa lichero pamthunzi sabata imodzi, fikisani, pepetani, sungani mu envulopu ya pepala yolembedwa dzina ndi chaka, pamalo ouma pomwe mbewa sizifika. Theka mufese, theka musunge kuopa mvula yonama.

Zikabwerera koma mtundu wasintha, musadabwe. Paketi yolembedwa F1 ndi ya haibulidi, ngati chimanga cha haibulidi, ndipo ana ake safanana ndi kholo. Njuchi nazonso zimasakaniza mitundu yoyandikana. Ngati pali mtundu womwe mwaukonda, mangani kansalu pa tsinde lake, mutenge mbewu pamenepo pokha, ngakhale kuti apanso ena adzatuluka osiyana.

Pomwe muyenera kuleka n'kufunsa odziwa

- Mbewu yonse yafota mwadzidzidzi masamba akadali obiriwira, dothi lili lonyowa, ndipo tomato kapena mbatatesi zapafupi zikuchitanso chimodzimodzi. Dulani tsinde, muviike nsonga yodulayo m'tambula ya madzi oyera osagwedeza. Mukaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika, ndi matenda a bakiteriya okhala m'dothi zaka zambiri. Musasamutse dothi kapena mbande, tsukani khasu, kaonaneni ndi alangizi a zaulimi a m'dera lanu.
- Mizu ili ndi timatuza ngati mikanda ndipo mbewu zapinimbira. Ndi tinyongolotsi ta m'dothi tosaoneka ndi maso. Alangizi akuuzani kasinthasintha woyenera musanabzalepo ndiwo zamasamba.
- Pabedi pamera chomera chomwe simukuchidziwa kuchokera m'paketi yosakaniza, chikufalikira kunja kwa bedi, kapena chikuyabwitsa khungu. Valani magolovesi, chizuleni chisanabereke, musapatse anzanu mbewu yake, ndipo tengani chitsanzo mukaonetse alangizi. Mbewu zochokera kunja kwa dziko zimafuna chilolezo cha a zaulimi, choncho funsani musanaitanitse kwa abale.
- Mwaganiza zopopera ndithu. Musagule mankhwala a m'timabotolo topanda chizindikiro pamsika. Ku Malawi mankhwala ovomerezeka amalembetsedwa ndi Pesticides Control Board, ndipo wogulitsa wovomerezeka ayenera kukuuzani mlingo wake.
- Mwana wamwa mankhwala, kapena watafuna mbewu zomwe simukuzidziwa, makamaka nsatsi. Musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta. Thamangirani naye kuchipatala mutatenga botolo kapena chomeracho. Mbewu za m'paketi zopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira zili ndi mankhwala, zisungeni patali ndi ana ndi nkhuku.
- Khasu lagunda paipi, waya kapena simenti ya thanki ya chimbudzi. Imani pomwepo, muitane pulambala kapena wa zamagetsi.
- Mwakopeka ndi maluwa a kuphiri. Ku Nyika kuli mitundu ya ma orchid yoposa 200, koma amenewo si a chaka chimodzi, amadalira dothi la komweko ndipo pakhomo amangofa. Kukumba chomera m'malo otetezedwa ndi mlandu. Mukafuna maluwa achilengedwe a kwathu kuno, funsani a nazale kapena a ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba kuti ndi ati omwe angamere pabwalo ndiponso mbewu yake mungaipeze bwanji mololedwa.